Vendée: Dziko Limene Analitentha Psiti, Lero Likusefukira ndi Moyo

Mu Novembala 1793 aphungu a ku Paris anapsa mtima ndi chigawo china cha kumadzulo kwa France mpaka anachilanda dzina. Analamula kuti pamapu pasaonekenso Vendée. Phungu wina, Fayau, amene kwawo kunali ku Vendée komweko, anafika popempha kuti kutumizidwe gulu la asilikali otentha, kuti kwa chaka chathunthu munthu ngakhale chiweto asapezeko chakudya. Sanangolankhula ayi. Patapita miyezi iwiri moto unabukadi, ndipo midzi yambirimbiri inasanduka phulusa.

Tsono pitaniko lero mukadzionere nokha! Dzina analifafaniza lija lili pa matanga a ngalawa zimene zimazungulira dziko lonse lapansi. Pamene panali mabwinja pali mafakitale, ena mpaka kudandaula kuti antchito akuchepa. Nyumba yachifumu imene inapsa mu 1794 ikulandira alendo oposa 2 miliyoni chaka chilichonse. Nkhani ya Vendée imakoma kuisimba chifukwa mathero ake ndi nthungululu, koma kukoma kwakeko kumamveka bwino munthu akayamba waona kuya kwa dzenje limene anthuwa anatulukamo.

Chimene chinautsa mapiri pachigwa

Dera limene linamenya nkhondoyi lili kumwera kwa mtsinje wa Loire, ndipo linatenga mbali za zigawo zinayi, ngakhale dzina limene linatchuka ndi la Vendée. Linali dziko la alimi. Minda inali ing'onoing'ono, uliwonse wotchingidwa ndi mpanda wa mitengo ndi zitsamba zowirira. Pakati pa mipandayo pankadutsa tinjira tokumbika, tamatope, toti ngolo ikalowamo inkabisika yonse.

Zinthu zitasintha ku France mu 1789, alimiwa sanadane nazo. Ankayembekeza kuti msonkho utsika ndipo nawonso apeza malo. Koma minda ya mpingo itayamba kugulitsidwa, ambiri amene anaigula anali anthu a ndalama a m'matauni. Kenako mu Julayi 1790 kunabwera lamulo loika mpingo wa Katolika pansi pa boma, ndipo ansembe anauzidwa kuti alumbire kulimvera. Ansembe ambiri a kumeneko anakana. Boma litawachotsa n'kubweretsa ena olumbira, anthu anasiya matchalitchi ali pululu n'kumakachita Misa usiku m'nkhalango ndi m'makola, wina ataima panjira kuti aone ngati kukubwera asilikali.

Pa 21 Januwale 1793 Mfumu Louis XVI inadulidwa mutu ku Paris. Pa 24 Febuluwale boma linalamula kuti anyamata 300,000 alembedwe usilikali m'dziko lonse, pomwe akuluakulu a boma sankakhudzidwa. Apa m'pamene zinafika pa mwana wakana phala. Alimi anati ngati kufa kulipo, ndi bwino kufera pakhomo poteteza chipembedzo chawo kusiyana ndi kukafera kutali chifukwa cha boma limene lawalanda ansembe. Cham'katikati mwa Malichi mabelu a matchalitchi analira m'midzi mazanamazana, ndipo amuna anatuluka atanyamula zikwakwa, mafoloko a udzu ndi mfuti zosakira akalulu. Kumapazi anali ndi nsapato zosema, kukhosi kolona, pachifuwa kansalu kosokedwapo mtima wofiira ndi mtanda.

Wamalonda asanduka mkulu wankhondo

Mmodzi mwa oyamba kutsogolera anali Jacques Cathelineau wa m'mudzi wa Le Pin-en-Mauges, munthu woyenda ndi ngolo kugulitsa malonda, wopemphera kwambiri moti anzake ankamuyesa woyera. Pa 13 Malichi ananyamuka ndi anthu a m'mudzi mwake, tsiku lomwelo n'kulanda Jallais ndi Chemillé. Mawa lake anaphatikana ndi Jean-Nicolas Stofflet, mlonda wa nkhalango ya bwana wina amene kale anali msilikali, ndipo tauni ya Cholet inagwa. Pa 19 Malichi, ku Pont-Charrault, alimi anathamangitsa asilikali enieni a boma otsogoleredwa ndi Marcé. Ku Paris anthu anangoti kukamwa yasa.

Alimiwo ankadziwa kuti akusowa anthu odziwa nkhondo, choncho anapita kukagogoda m'nyumba za mabwana amene anagwirapo usilikali. Anatenga Maurice d'Elbée, Charles de Bonchamps ndi Louis de Lescure. Kumadambo a kufupi ndi nyanja anatenga François de Charette, amene anagwirapo ntchito pa zombo zankhondo. Wamng'ono pa onse anali Henri de La Rochejaquelein, wa zaka 20 zokha, amene anauza anthu ake kuti akamapita kutsogolo amutsate, akabwerera m'mbuyo amuphe, ndipo akafa amubwezerere. Gulu lonse linatchedwa Gulu la Nkhondo la Chikatolika ndi la Mfumu. Asilikali a boma, amene anali adani awo, alimiwo ankawatcha Abuluu chifukwa cha mtundu wa yunifolomu.

Kamenyedwe kawo kanali kawokawo. Abuluu akalowa m'kanjira kokumbika ali pamzere, alimi ankabalalika kuseri kwa mipanda n'kumawombera osaoneka. Akaona mzinga wang'anima ankadzigwetsa pansi, chipolopolo chikadutsa n'kudzambatuka kuthamangira mzingawo asanauikenso onga. Mizinga ina imene analanda anaipatsa maina, ndipo wotchuka kwambiri unali Marie-Jeanne, umene ankaukongoletsa ndi maluwa. Ndi njira imeneyi analanda Thouars pa 5 Meyi, Fontenay pa 25 Meyi ndi Saumur pa 9 Juni. Pa 12 Juni mabwana onse aja anagwirizana kuti mkulu wa gulu lonse akhale Cathelineau. Tangoganizani, m'dziko limene ulemu unkayendera kubadwa, ana a mabanja otchuka anavulira chipewa munthu woyenda ndi ngolo!

Nawonso a mbali ya mfumu manja awo sanali oyera. Ku Machecoul, nkhondo itangoyamba, anapha anthu oposa 150 okonda boma latsopano, ambiri ali kale akaidi. Koma pakati pawo panali atsogoleri odziwa kuletsa dzanja. Ku Chemillé, mu Epulo, asilikali a d'Elbée atafuna kupha akaidi pafupifupi 400, iye anawauza kuti ayambe anena pemphero la Atate Athu. Atafika pamene munthu amapempha chikhululukiro polonjeza kuti nayenso akhululukira anzake, anawaimitsa n'kuwafunsa ngati akufuna kunamiza Mulungu. Mfuti zinatsika, akaidi aja anapulumuka.

Usiku wa ku Saint-Florent

Vuto la gulu la alimi linali lakuti nkhondo ikangotha aliyense ankathamangira kumunda. Tauni yolandidwa lero, mawa inkatsala yopanda olondera. Pa 29 Juni anaukira mzinda waukulu wa Nantes, ndipo Cathelineau analowa mpaka m'kati, koma chipolopolo chinam'peza. Anthu ake ataona wagwa anatha mphamvu n'kubwerera. Anamwalira pa 14 Julayi, ndipo d'Elbée anatenga malo ake.

Boma linatumiza asilikali okhwima ochokera ku Mainz. Pa 19 Sepitembala alimi anagonjetsa Kléber, mmodzi mwa atsogoleri a asilikaliwo, ku Torfou, koma pa 17 Okutobala, ku Cholet, madzi anachita katondo. Anamenyana tsiku lonse, ndipo pofika madzulo d'Elbée ndi Bonchamps anali atavulala koopsa. Khamu la anthu pakati pa 60,000 ndi 100,000, asilikali pamodzi ndi amayi, ana ndi okalamba, linathawira ku Saint-Florent-le-Vieil, m'mbali mwa Loire, kufuna kuwoloka.

M'tauni imeneyo munali akaidi a Chibuluu pafupifupi 5,000, ambiri atatsekeredwa m'tchalitchi cha pamwamba pa phiri. Kuwoloka nawo kunali kosatheka, kuwasiya kunali kuwonjezera adani. Khamu lolusa linazinga tchalitchicho, mizinga italozetsedwa pazitseko. Anthuwa anali atangoona nyumba zawo zikupsa ndi abale awo akufa, ndipo mtima wobwezera unali utafika pakhosi. M'katimo akaidi ankamva phokosolo n'kumadikira imfa.

Bonchamps anali gone pamachira, chipolopolo chili m'mimba, mpweya ukuperewera. Atamva zimene zinkakonzedwa anaitana mnzake Charles d'Autichamp n'kumuuza kuti ili ndi lamulo lake lomaliza: akaidi asaphedwe. D'Autichamp anakwera hatchi, ng'oma inalira kuti anthu akhale chete, ndipo mawuwo anayenda kuchoka pakamwa kupita pakamwa kuti Bonchamps walamula chifundo. Mizinga inatembenuzidwa. Zitseko zinatsegulidwa, amuna masauzande n'kutuluka amoyo. Bonchamps anamwalira tsiku lomwelo, pa 18 Okutobala, ali ndi zaka 33. Pakati pa otulukawo panali mmisiri wosema wa ku Angers, bambo wa kamnyamata ka zaka zisanu. Kamnyamata kameneko tikumana nako kutsogoloku.

Pansi pa dzenje

Tsidya la Loire, La Rochejaquelein anasankhidwa kukhala mkulu ali ndi zaka 21. Khamu lija linayenda ulendo wautali mpaka ku doko la Granville, poyembekeza zombo za ku Britain, koma pa 14 Novembala linalephera kulanda dokolo ndipo zombo sizinaoneke. Lescure anali atafera kale m'njira. Pobwerera, njala, chisanu ndi kamwazi zinawagwira. Ku Le Mans, pa 12 ndi 13 Disembala, anthu masauzande anaphedwa m'misewu, ndipo otsala anamalizidwa ku Savenay pa 23 Disembala. Ku Nantes, nthumwi ya boma, Carrier, inkalonga akaidi m'mabwato n'kuwamiza mu Loire. D'Elbée anagwidwa pa chilumba cha Noirmoutier, ndipo popeza sankatha kuima, anamuwombera atakhala pampando. La Rochejaquelein anaphedwa pa 28 Januwale 1794.

Nkhondo ikanathera pamenepo, koma mkulu wa asilikali Turreau anagawa anthu ake m'magulu 12 kuti asese dziko lonselo. Kuyambira Januwale mpaka Meyi 1794 anatentha midzi, mphero ndi nkhokwe, ndipo m'malo ambiri anapha aliyense amene anam'peza, ngakhale okonda boma. Ku Les Lucs-sur-Boulogne wansembe wa kumeneko anawerengera anthu 564 ophedwa, ndipo oposa 100 anali ana aang'ono. Akatswiri a mbiri amati nkhondo yonseyi inapha anthu a m'deralo pafupifupi 170,000, kutanthauza munthu mmodzi mwa anayi kapena asanu alionse, kuwonjezera pa asilikali a boma masauzande ambiri. Amene anadutsako m'masiku amenewo ankapeza zipupa zakuda, minda yomera tchire ndi ng'ombe zoyenda zopanda mwini.

Moto wa Turreau sunabweretse mtendere ngakhale pang'ono. Unangobwezera kunkhalango anthu amene anali ataika kale zida pansi, ndipo magulu a Charette ndi Stofflet anadzazanso.

Pamene zinthu zinatembenuka

Tsopano tamverani mbali yokoma. Mu Meyi 1794 Turreau anachotsedwa. Mu Julayi Robespierre, mtsogoleri wamphamvu wa boma, anagwa ku Paris, ndipo mu Disembala Carrier anaweruzidwa n'kudulidwa mutu. Dzina la Vendée linabwerera pamapu. Pa 17 Febuluwale 1795, ku La Jaunaye pafupi ndi Nantes, boma linasainirana pangano ndi Charette: anthu apemphere mwaufulu, anyamata awo asatengedwe usilikali, ndipo otayikidwa katundu athandizidwe. Zinthu zimene alimi anapempha pachiyambi pomwe zija zinaperekedwa ndi cholembera. Patapita masiku ochepa Charette analowa mu Nantes pahatchi, ali pakati pa akuluakulu a Abuluu, anthu akuwomba m'manja.

Nkhondo inabukanso chaka chomwecho, koma nthawi ino boma linatumiza munthu wamutu, Lazare Hoche, wa zaka 27. Hoche anaona kuti mlimi akumenyera tchalitchi chake ndi khola lake kuposa mpando wachifumu. Analamula asilikali ake kuti asabe ndipo alemekeze ansembe. Mudzi wobisa mfuti ankaulanda ng'ombe ndi tirigu, n'kuuza eni ake kuti akabweretsa mfuti, katundu wawo abwezeredwa. Ankasungadi mawu ake. Mfuti zinayamba kutuluka m'madenga ndi m'maenje, ng'ombe n'kumabwerera m'makola. Mchimwene wa mfumu yophedwa ija, amene ankayembekezeredwa kudzatsogolera nkhondo, anangofika pa chilumba cha Yeu n'kubwerera ku Britain osaponda kumtunda. Atsogoleri anatsala okha. Stofflet anawomberedwa ku Angers pa 25 Febuluwale 1796. Charette anagwidwa m'nkhalango ya La Chabotterie pa 23 Malichi n'kuphedwa ku Nantes pa 29 Malichi, atakana kumangidwa kumaso.

Napoléon Bonaparte anamaliza ntchitoyi. Mu 1801 anapangana ndi Papa Pius VII kuti mpingo ugwirenso ntchito poyera, ndipo mmodzi mwa okonza panganolo anali wansembe Étienne Bernier, yemwe uja anali mlangizi wa Stofflet kunkhalango. Chaka chotsatira Bernier anakhala bishopu wa Orléans. Mabelu analiranso, nthawi ino kuitanira anthu ku Misa, ku maukwati ndi ku ubatizo. Pa 25 Meyi 1804 Napoléon analamula kuti pa kamudzi kopsa ka La Roche-sur-Yon pamangidwe likulu latsopano la chigawo, lokhala ndi misewu yowongoka ndi bwalo lalikulu pakati. Lero mzindawo uli ndi anthu oposa 50,000, ndipo pabwalo paja pali maiwe okhala ndi nyama za makina, ng'ona, mvuu ndi ngamila, zimene ana amaziyendetsa okha akuseka chikhakhali.

Taonani Vendée watsopano

Aliyense wodziwa lupsa amadziwa kuti mvula yoyamba ikangogwa, pamene panapsa kwambiri m'pamene msipu umabiriwira koposa. Ku Vendée zinatero. Amasiye anamanganso nyumba ndi miyala yomwe inadetsedwa ndi utsi ija. Mipanda inaphukira, makola anadzaza, ndipo mabanja anabereka ana ambiri.

Kamnyamata ka ku Angers kaja kanakula n'kukhala David d'Angers, mmodzi mwa osema miyala otchuka kwambiri a ku France. Iye anali wokonda Ripabuliki, boma lopanda mfumu, ndi mtima wonse, wosafuna n'kumva komwe za mafumu. Koma sanaiwale amene anam'sungira bambo ake. Mu 1825 anaika m'tchalitchi cha Saint-Florent chipilala cha mwala wa nsangalabwi: Bonchamps akudzuka movutika pamachira, dzanja lamanja litakwezedwa kuletsa kupha. Mwana wa Mbuluu anasemera mkulu wa adani a bambo ake chipilala chokongola kuposa zonse za nkhondo imeneyi, ndipo chilipobe mpaka lero.

Dziko limene linkatchedwa mdani wa Ripabuliki linadzaiberekera Ripabulikiyo ngwazi. M'mudzi umodzi wokha, Mouilleron-en-Pareds, munabadwa Georges Clemenceau mu 1841 ndi Jean de Lattre de Tassigny mu 1889. Woyambayo ndi nduna yaikulu imene inatsogolera France kupambana nkhondo yoyamba ya dziko lonse mu 1918. Wachiwiriyo anaimira France ku Berlin mu Meyi 1945 pamene Germany inkasaina kugonja. Mudzi umodzi, abale!

Nanga chuma? Mu 1884 Benjamin Bénéteau anayamba kukhoma mabwato a asodzi ku Croix-de-Vie, ndipo lero kampani ya dzina lake ili m'gulu la zikuluzikulu zopanga ngalawa za matanga padziko lonse. Ku Pouzauges kuli Fleury Michon, kufupi ndi Montaigu kuli Sodebo, ndipo zakudya zawo zimapezeka m'masitolo a m'France monse. Ambiri mwa mafakitalewa anayambitsidwa ndi mabanja a m'midzi momwemo, ndipo anakana kusamukira ku mizinda ikuluikulu. Mwana wa mlimi amagwira ntchito m'fakitale masana, madzulo ali kwawo pakhomo pa makolo. Kuyambira 1989, ku doko la Les Sables-d'Olonne kumanyamuka mpikisano wa Vendée Globe, umene munthu amazungulira dziko lapansi yekhayekha pangalawa, osaima paliponse, osathandizidwa ndi wina. Tsiku lonyamuka anthu amadzaza m'mbali mwa doko mpaka kusowa poponda. Ku Noirmoutier, kumene d'Elbée anafera pampando, n'kumene mpikisano wa njinga wa Tour de France wa mu 2018 unayambira.

Tauni ya Les Herbiers, imene inatenthedwa mu 1794, lero imatchuka chifukwa ndi limodzi mwa madera amene ulova ndi wotsika kwambiri m'France. Mu Meyi 2018 timu yake ya mpira, ya m'ligi yachitatu, inafika mu ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse n'kukumana ndi Paris Saint-Germain pa Stade de France. Inagonja 2 kwa 0, koma polandira chikho kaputeni wa Paris, Thiago Silva, anaitana kaputeni wa Les Herbiers, Sébastien Flochon, kuti achikweze limodzi. Paris ndi Vendée atagwira chikho chimodzi, bwalo lonse likuimirira! Ndani akanalota zimenezi m'masiku a Turreau?

Bwinja limene limavina usiku

Chodabwitsa koposa chili ku Les Épesses. Kumeneko kuli nyumba yachifumu ya Puy du Fou, imene magulu otentha aja anaipsereza mu 1794. Kwa zaka pafupifupi 180 inangokhala bwinja, mbali ina alimi akusungiramo ziweto, zitsamba zoyabwa zitamera m'mazenera. Mu 1977 mnyamata wina wa ku Vendée komweko, Philippe de Villiers, anaiona n'kuganiza zochitirapo sewero la mbiri ya anthu a m'deralo. Anayenda m'midzi kufunafuna ofuna kuthandiza, ndipo mu Juni 1978 anthu mazana angapo anachita sewero loyamba, lotchedwa Cinéscénie.

Lero mdima ukangogwa m'nyengo yotentha, anthu oposa 13,000 amakhala pamipando moyang'anana ndi nyanja yaing'ono. Tsidya lake zipupa zogumuka zija zimayamba kuwala pang'onopang'ono. Kenako kumatulukira ngolo za ng'ombe, atsekwe, amayi ovina atavala zakale, ana othamanga ndi mitanga, ndi okwera pamahatchi akudutsa chamliwiro m'mphepete mwa madzi. Belu likalira, amuna a zikwakwa amakhamukira pabwalo, ndipo nyumba ija imaoneka ngati ikuyakanso, moto ukunyezimira m'madzi. Pomaliza thambo lonse limang'anima ndi zophulika za mitundumitundu. Osewera amaposa 2,000 usiku umodzi, ndipo salandira malipiro. Ndi aphunzitsi, alimi, amakaniko ndi anamwino a m'midzi yozungulira, kawirikawiri agogo, mwana ndi mdzukulu ali pabwalo limodzi. Zidzukulu za anthu amene anathawa moto weniweni zikuyatsa moto wa sewero, alendo ochokera kutali akulipira kuti aonere, ndalama n'kumatsala m'midzi momwemo. Mu 1989 anatsegula paki yaikulu ya masana, ndipo nzeruyi inakafika mpaka ku Toledo, m'dziko la Spain.

Akatswiri ena a mbiri amadandaula kuti masewero a pa Puy du Fou amakometsa mbali ya mfumu n'kuchepetsa zolakwa zake, ndipo dandaulo limeneli ndi loyenera kulimva. Mtsutso wa mmene tingatchulire zimene Turreau anachita nawonso ukadali wotentha. Koma taonani zida zimene akumenyanirana tsopano: mabuku, nyuzipepala ndi misonkhano ya m'mayunivesite. Ku Les Lucs kuli nyumba ya chikumbutso imene inatsegulidwa mu 1993, pamwambo umene wolemba mabuku wa ku Russia, Aleksandr Solzhenitsyn, analankhulapo, ndipo pafupi pake pali nyumba yosungiramo mbiri imene ana a sukulu amapitako kukaphunzira. Anthu amene angathe kukangana za agogo awo ophedwa kenako n'kukadyera limodzi buledi wotsekemera wa kwawoko ndi anthu ochira.

Mbewu imene inafika mpaka ku Ntcheu

Pali kamudzi kena ka ku Vendée kamene ife tili nako pachibale: Saint-Laurent-sur-Sèvre. Kumeneko n'kumene Louis-Marie Grignion de Montfort anamwalira mu 1716, ndipo manda ake ali pomwepo. Ambiri amati maulaliki ake ndi a otsatira ake ndiwo anazika chikhulupiriro cha alimi aja mozama chotere. Pakamudzi pomwepo panali likulu la ansembe a chipani chake ndi la masisitere a Daughters of Wisdom. M'nthawi ya nkhondo nyumba zawo zinasanduka chipatala, ndipo masisitere ankatsuka mabala a onse, a mbali ya mfumu ndi Abuluu omwe. Nyumbazo zinafunkhidwa, masisitere ena anaphedwa, ena anafera m'ndende, ndipo zinkaoneka ngati zipani ziwirizo zatheratu.

Sizinathe. Otsala anabwerera, anakonza zogumuka, analandira achinyamata atsopano, ndipo patapita zaka 100 anali ndi mphamvu zotumiza anthu kutsidya la nyanja. Mu 1901 ansembe atatu a chipani cha Montfort anafika ku Nzama, m'boma la Ntcheu, n'kutsegula mishoni. Kenako kunabwera Nguludi, ndipo masisitere aja anatsatira patapita zaka zochepa. Sukulu, zipatala ndi makina osindikiza mabuku a ku Limbe ndi ku Balaka amene timawadziwa ndi dzina la Montfort ndi nthambi za mtengo umene unapulumuka moto wa 1794. Mu 1996 Papa John Paul II anapita yekha ku Saint-Laurent kukapemphera pa manda aja.

Mfumu imene alimi ankaimenyera nkhondo sinawapulumutse, ndipo moto wa Turreau sunawagonjetse. Amene anatembenuza Vendée ndi ena: d'Elbée amene anaimitsa pemphero pakati kuti akaidi akhale ndi moyo, Bonchamps amene anathera mpweya wake womaliza pa adani ake, Hoche amene anabweza ng'ombe, masisitere amene sanafunse mtundu wa yunifolomu asanamange bala, ndi amasiye osatchulidwa maina amene anatola miyala yakuda n'kuyambanso kumanga. Ntchito yawo ikuoneka lero m'mafakitale, m'madoko, m'mabwalo a mpira, mpaka m'makalasi a kwathu kuno. Amenewa ndiwo anapambana nkhondo ya ku Vendée, ndipo ayenera nthungululu zathu zonse!